Mlatho umene anthu anamangapo nyumba: chifukwa chake systemd ikuchotsa zakale

Mukayatsa kompyuta ya Linux, kernel, umene ndi mtima wa Linux, ikamaliza kudzutsa zipangizo za m'kati imayambitsa pulogalamu imodzi yokha n'kuipatsa nambala 1. Zina zonse zimachokera kwa iyeyu. Ndi amene amalumikiza madisiki, kuyatsa netiweki, kudzutsa database, kutsegula khomo loti anthu alowere patali, ndipo nthawi yozimitsa ikakwana ndi yemweyo amene amagoneka aliyense mwadongosolo. Akafa, makina onse aima. Pa makompyuta ambiri a Linux masiku ano, kuyambira Debian ndi Ubuntu mpaka Fedora, Red Hat, SUSE ndi Arch, udindowu uli m'manja mwa systemd. Kuyambira 2023 eni ake akhala akuchotsa, chimodzi ndi chimodzi, zinthu zakale zimene anazisenza kwa zaka zoposa khumi. Amene amasamala maseva, makompyuta otumikira makompyuta ena pa netiweki, ayenera kumvetsa chimene chikuchotsedwa, komanso chifukwa chake uthengawo umafika mochedwa kwa munthu amene zimugwere.

Tiyambe ndi zimene zinalipo kale. Njira yakale yodzutsira mapulogalamu inatenga dzina ku UNIX System V, imene kampani ya AT&T inatulutsa mu 1983, ndipo ya pa Linux inalembedwa ndi Miquel van Smoorenburg kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Inali yosavuta kuimvetsa. Pulogalamu iliyonse inali ndi script yake, fayilo ya malamulo oti kompyuta ichite motsatizana, m'foda ya /etc/init.d, ndipo script imeneyi inkamva mawu ochepa monga start, stop ndi restart. Makina ankakhala pa mlingo wina pakati pa 0 ndi 6, wotchedwa runlevel: 0 ndi kuzima, 6 ndi kuyambiranso, 1 ndi wa munthu mmodzi wokonza zinthu. Mlingo uliwonse unali ndi foda yake yodzaza ndi mayina oyamba ndi S kapena K kenako nambala, ndipo nambalazo ndizo zinkanena woyamba ndi wotsatira. S10 amadzuka S20 asanadzuke. Basi.

Ubwino wake unali woti munthu aliyense wodziwa shell, chilankhulo cholembera malamulowa, ankatha kutsegula script n'kuiwerenga. Koma mavuto ake anali enieni, ndipo amene anagwirapo ntchito usiku pa seva yokana kudzuka amawakumbukira. Mapulogalamu ankadzuka motsatizana, wina kudikira mnzake ngakhale alibe naye chochita. Choipa kwambiri chinali chakuti pulogalamu nambala 1 sinkadziwa kwenikweni chimene yadzutsa. Pulogalamu yogwira ntchito kuseri inkadzibereka kawiri n'kudzilekanitsa ndi kholo lake, kenako n'kulemba nambala yake m'kafayilo kuti script idzaipeze. Ikafa mwadzidzidzi, kafayiloko kankatsala ndi nambala yakale, ndipo nambalayo inkatha kupatsidwa kwa pulogalamu ina. Munthu akalamula stop, script inkatha kupha wosalakwa kapena kusiya ana a pulogalamuyo akuyendabe. Pulogalamu ikagwa panalibe woidzutsanso. Ndipo script yolembedwera Red Hat kawirikawiri sinkayenda pa Debian osaisintha.

Ena anali atayamba kale kufuna njira ina. Apple inabweretsa launchd mu 2005, Sun inaika SMF mu Solaris 10 chaka chomwecho, ndipo Ubuntu inayamba kugwiritsa ntchito Upstart mu 2006. Pa 30 Epulo 2010 Lennart Poettering, amene ankagwira ntchito ku Red Hat, analengeza systemd, imene ankaipanga ndi Kay Sievers. M'malo mwa script yochita zinthu, iwo anabweretsa kafayilo kongofotokoza zinthu, kotchedwa unit: pulogalamu ndi iyi, idzuke pambuyo pa chakuti, ikagwa muidzutsenso. Fedora 15 inaitenga mu 2011, Red Hat Enterprise Linux 7 mu 2014. Ku Debian nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa. Komiti yoona zaukadaulo inagawanika pakati ndi pakati mu Febuluwale 2014, ndipo voti ya wapampando Bdale Garbee ndiyo inagamula kuti systemd ipambane Upstart. Ubuntu inatsatira, ndipo ena amene sanagwirizane nazo anachoka n'kuyambitsa Devuan kumapeto kwa chaka chomwecho.

Chimene chinathandiza kuti kusamuka kumeneku kutheke ndi kapulogalamu kotchedwa systemd-sysv-generator. Nthawi iliyonse makina akamadzuka, kankayang'ana mu /etc/init.d, kakapeza script yopanda unit yake kankaipangira unit yongoyembekezera pomwepo. Munthu ankatha kulemba systemctl start, lamulo la systemd lodzutsira pulogalamu, pa pulogalamu ya 2005 n'kuyenda bwinobwino. Unali mlatho woti anthu awolokere. Vuto lake n'lakuti unagwira ntchito bwino kwambiri moti ambiri sanaone chifukwa chowolokera, anangomanga nyumba pamlathopo. Makampani ogulitsa mapulogalamu a backup, a chitetezo, oyang'anira mabatire a magetsi, anapitiriza kutumiza script imodzi yakale chifukwa inkayenda paliponse. Osamala maseva nawonso anali ndi zawo zimene analemba okha kalekale, ndipo chinthu chikamayenda palibe amafuna kuchigwira.

Mu systemd 254, ya Julayi 2023, eni ake analemba poyera kuti script za System V zaikidwa pa mndandanda wa zochotsedwa. Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kulengeza kuti chinthu chatha nthawi yake si kuchichotsa. Chimayendabe, koma eni ake anena kuti sachikonzanso, musamangepo chatsopano, ndipo tsiku lina chidzapita. Kuchichotsa kwenikweni ndi pamene zimene zinkayenda dzulo zimaleka kuyenda. Pakati pa ziwirizi pamakhala nthawi ya chenjezo, ndipo mkangano wonse umagona pa kutalika kwa nthawiyo ndi pa amene akumva chenjezolo. Poyamba ananena kuti script zidzachotsedwa mu 258. Koma 258 itatuluka mu Sepitembala 2025 anazisiya kaye n'kusunthira tsikulo kutsogolo. Zimene zinapita mu 258 ndi abale ake: malamulo a runlevel ndi telinit, khomo lakale la /dev/initctl, ndi ganizo lenileni la milingo ya 0 mpaka 6. Munthu amene zala zake zinazolowera kulemba init 3 kwa zaka makumi awiri ayenera tsopano kuphunzira systemctl isolate multi-user.target.

Chifukwa chiyani osangozisiya? Ili ndi funso labwino ndipo ndimalimva, koma yankho lake lilipo. Script ndi pulogalamu yathunthu imene ikhoza kuchita chilichonse, ndiye systemd imangoganizira chimene ikuchita. Sidziwa bwinobwino nthawi imene pulogalamu yakonzeka kulandira anthu, sidziwa nthawi zonse kuti pulogalamu yaikulu ndi iti mwa zimene script yadzutsa, ndipo pofuna kudziwa woyenera kudzuka poyamba imadalira ndemanga zolembedwa pamwamba pa script, zimene nthawi zambiri zimakhala zolakwika kapena kulibiretu. Njira iliyonse yakale imene yasungidwa iyenera kuyesedwa nthawi iliyonse akasintha china, ndipo oyesawo ndi anthu ochepa. Pamene njirayo ili m'kati mwa pulogalamu nambala 1, cholakwika chaching'ono chimatha kugwetsa makina onse.

Nkhani ya cgroups ikuonetsa zimenezi bwino kuposa ina iliyonse, ndipo ndiyo yapweteka anthu ambiri. Cgroups ndi njira ya kernel yoikira mapulogalamu m'magulu n'kuika malire a memory, purosesa ndi disiki pa gulu lililonse. Anaiyamba ndi Paul Menage ndi Rohit Seth a ku Google mu 2006, ndipo inalowa mu kernel 2.6.24 kumayambiriro kwa 2008. Systemd inaigwiritsa ntchito kuthetsa vuto lija la mapulogalamu othawa makolo awo: chilichonse chimene pulogalamu yabereka chimakhalabe m'gulu lake, kaya chidzibereke kangati. Makontena onse, amene ali ngati timabokosi totsekeramo pulogalamu ndi zonse zimene imafuna, pamodzi ndi Docker, pulogalamu yowayendetsa, anamangidwanso pa maziko omwewa. Koma mtundu woyamba wa cgroups unali wosokonekera. Chinthu chilichonse choyezedwa chinali ndi mtengo wakewake wa magulu, moti pulogalamu imodzi inkatha kukhala m'gulu lina pa za memory ndi lina pa za disiki, ndipo mbali ziwirizo sizinkamvana. Tejun Heo anatsogolera ntchito yolemba mtundu wachiwiri, wokhala ndi mtengo umodzi wokha, umene unakhazikika mu kernel 4.5 mu 2016.

Kuyambira pamenepo systemd inasenza njira zitatu: yakale, yatsopano, ndi yosakaniza ziwirizo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo apa anali atatu. Fedora 31 inalimba mtima mu 2019 n'kusankha mtundu wachiwiri, ndipo Docker inaleka kuyenda pa Fedora pokhapokha munthu atabwezera makina ku njira yakale. Docker inadzamva mtundu wachiwiri mu 20.10, kumapeto kwa 2020. Kunena zoona, pakanapanda wina kuyamba kuswa, ena onse akanapitiriza kudikirana. Debian 11 inasamuka mu 2021, Red Hat 9 mu 2022, ndipo Kubernetes, yoyang'anira makontena ambiri pamodzi, inalengeza kuti mtundu wachiwiri wakhwima mu 1.25 chaka chomwecho. Systemd 256, ya Juni 2024, inayamba kukana kudzuka pa mtundu woyamba pokhapokha munthu atalemba dala SYSTEMD_CGROUP_ENABLE_LEGACY_FORCE=1 pa mzere wa kernel. Mu 258 khomo limenelinso analitseka, ndipo anakweza kernel yotsikitsitsa yovomerezeka kufika pa 5.4. Kuchokera 2016 kufika 2025 ndi zaka zisanu ndi zinayi. Palibe anganene kuti anathamangira.

Komabe taonani mmene kuswekako kumaonekera kwa munthu wamba. Java yakale, imene mapulogalamu ambiri amayenderapo, inkadziwa malire a memory a kontena yake powerenga mafayilo a mtundu woyamba wa cgroups. Ikaikidwa pa makina a mtundu wachiwiri mafayilowo siwapeza, ndiye imaganiza kuti memory yonse ya makina ndi yake. Imadya mopitirira malire, kernel n'kuipha. Palibe uthenga wonena kuti vuto ndi cgroups. Munthu amangoona pulogalamu imene yayenda zaka zambiri ikufa pakati pausiku. Java 15 ndiyo inayamba kumva mtundu wachiwiri, ndipo kukonzako kunabwezeredwa ku 11.0.16 ndi 8u372, koma amene anasiya Java yake osaikweza sanalandire. Chimodzimodzinso kontena ya CentOS 7, Linux yochokera ku Red Hat 7, yoyendetsa systemd 219 m'kati mwake: systemd yakaleyo siudziwa mtundu wachiwiri, ndipo imalephera kudzuka pa makina atsopano. Amene akufuna kudziwa mtundu umene makina ake ali nawo angalembe stat -fc %T /sys/fs/cgroup/. Likatuluka liwu loti cgroup2fs ndiye kuti anasamuka kale, likatuluka tmpfs ndiye kuti akadali ku zakale.

Chachitatu chimene chinapita ndi kugawikana kwa /bin ndi /usr/bin. Mbiri imene imasimbidwa ndi yakuti Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, akupanga UNIX pa PDP-11 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, disiki yawo yoyamba inadzaza ndipo anasefukira pa yachiwiri, imene inali ya mafayilo a anthu ndipo inkatchedwa /usr. Vuto la disiki yaing'ono linatha kalekale koma mafoda awiriwo anatsala, ndipo mibadwo yotsatira inawapezera zifukwa zatsopano. Fedora 17 inawaphatikiza mu 2012. Debian inatenga nthawi yaitali chifukwa dpkg, pulogalamu yake yoikira mapaketi (mitolo ya mafayilo a pulogalamu), inkaona /bin/chakuti ndi /usr/bin/chakuti ngati mafayilo awiri osiyana pamene ndi amodzi, ndipo panali mantha oti fayilo ikhoza kusowa ikamasamutsidwa pakati pa mapaketi. Debian 12 ya 2023 itakakamiza kuphatikizako, systemd 255 ya Disembala chaka chomwecho inasiya kuthandiza makina osaphatikiza. Apa anadikira mpaka wamkulu womaliza atawoloka, ndipo anthu ambiri sanamve n'komwe kuti chinachake chasintha.

Tsopano ku chimene chimandidetsa nkhawa. Zonsezi zimalengezedwa m'fayilo yotchedwa NEWS, imene imatuluka ndi mtundu uliwonse wa systemd, ndipo pamwamba penipeni pamakhala gawo la zimene zichotsedwe ndi zimene zasintha moswa zakale. Imalembedwa bwino. Koma amaiwerenga ndani? Amaiwerenga ndi amene amakonza mapaketi a Fedora, Debian ndi Arch. Munthu wosamala seva ya chipatala kapena ya sukulu satenga systemd kwa eni ake, amaitenga kudzera ku Ubuntu LTS imene imasamalidwa zaka 5, kapena Red Hat imene imasamalidwa zaka 10. Pa nthawi yonseyo nambala ya systemd yake kawirikawiri siisuntha. CentOS 7 inafika kumapeto pa 30 Juni 2024 idakali ndi 219, pamene kunja kunali 256. Tsiku limene munthuyu akukweza makina ake amalumpha mitundu makumi angapo kamodzi, ndipo machenjezo onse a zaka zapakatizo amamugwera tsiku limodzi ngati zinthu zochitika kale. Kwa olemba systemd chenjezo linatenga zaka. Kwa iye silinafike.

Kunena chilungamo, kapulogalamu ka mlatho kaja kamalemba chenjezo mu journal, kaundula wa zochitika m'makina, kakapeza script yopanda unit. Koma ndi mzere umodzi pakati pa mizere masauzande imene imalembedwa makina akamadzuka, ndipo palibe amawerenga zimenezi zinthu zikamayenda. Ndipo kusweka kwa script kuli ndi khalidwe loipa kuposa kwa cgroups. Makina amene akukana kudzuka amakuuzani pomwepo kuti pali vuto. Makina amene adzuka bwinobwino koma asiya kudzutsa pulogalamu ya backup sanena kanthu. Mumadzadziwa tsiku limene mukufuna kubweza fayilo yotayika, n'kupeza kuti backup yomaliza ndi ya miyezi inayi yapitayo. Ngati script ija inachokera ku kampani imene inatseka, kapena inalembedwa ndi munthu amene anasiya ntchito, palibenso womufunsa.

Pali mtundu wina wa kusintha umene ndimauona kuti ndi wolakwa kwambiri kuposa kuchotsa chinthu cholengezedwa, ndiwo kusintha khalidwe la chinthu chimene anthu akuchidalira. Mu 230, ya Meyi 2016, systemd inayamba kupha mapulogalamu onse a munthu akangotuluka m'makina. Ganizo lake linali lomveka, kuti pasamatsale zinyalala. Koma anthu kwa zaka zambiri ankasiya ntchito zazitali zikuyenda mu screen, tmux kapena nohup n'kupita kunyumba, ndipo tsopano ntchitozo zinkafa. Debian ndi ena anabwezera khalidwe lakale m'mapaketi awo. M'mbuyomo, mu 197, mayina a makhadi a netiweki anasintha kuchoka pa eth0 kupita ku mayina ngati enp3s0, kuti asamasinthane makina akayambiranso. Cholinga chinali chabwino, koma malamulo a firewall olembedwa ndi dzina lakale ankaloza khadi limene kulibe. Ndipo mu 256 munthu wina analamula systemd-tmpfiles --purge akuganiza kuti akusesa mafayilo osakhalitsa, monga dzina likunenera, n'kufufuta za mu /home. Pulogalamuyo inali itakula kalekale kuposa dzina lake. Mu 256.1 anakonza kuti lamulolo lizikana kuyenda munthu asanatchule fayilo yeniyeni ya malangizo.

Anthu amakonda kuyerekeza zimenezi ndi lamulo la Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, lakuti kusintha kwa kernel kusaswe mapulogalamu amene akuyenda kale. Systemd nayo ili ndi lonjezo lolembedwa lakuti mafayilo a unit, malamulo a systemctl ndi njira zake za D-Bus, zimene mapulogalamu ena amalankhulira nayo, sizisinthidwa mwachisawawa, ndipo kwakukulukulu yalisunga: unit yolembedwa bwino mu 2012 imayendabe. Kusiyana kwake n'kwakuti script za System V, cgroups yoyamba ndi mafoda ogawikana sizinali zake. Inazipeza, n'kuzisenza kuti anthu asamuke. Vuto ndi limene Hyrum Wright, amene ankagwira ntchito ku Google, anatchuka nalo polifotokoza: ogwiritsa ntchito akachuluka, zilibe kanthu kuti munalonjeza chiyani, khalidwe lililonse looneka la pulogalamu yanu pali wina amene akulidalira. Amene sakufuna ulendowu ali ndi kopita. Devuan imasungabe sysvinit, Alpine ndi Gentoo zili ndi OpenRC, Void ili ndi runit. Koma kumeneko ndi kusamukanso, ndipo n'kokulirapo kuposa kulemba unit imodzi.

Pakuti ntchito yeniyeniyo ndi yaing'ono. Munthu atsegule /etc/init.d aone zimene zilimo, kenako pa dzina lililonse alembe systemctl cat. Ngati fayilo imene yaoneka ili pansi pa /run/systemd/generator.late, ndiye kuti pulogalamuyo ikukhala pamlatho. Asaiwale /etc/rc.local, kumene anthu ankaponyako malamulo a mwadzidzidzi n'kuwaiwala, chifukwa nayonso imayenda kudzera pa mlatho wofanana. Script ya mizere 150 kawirikawiri imasanduka unit ya mizere khumi: ExecStart= kunena pulogalamu, After= kunena woyenera kudzuka poyamba, User= kuti isayende ngati root (wamphamvu zonse pa makina), Restart=on-failure kuti ikagwa idzutsidwe, ndi WantedBy=multi-user.target kuti idzuke ndi makina. Mizere yambiri ya script yakale inali yosamala kafayilo ka nambala ndi kulekanitsa pulogalamu ndi kholo lake, ndipo zonsezo sizifunikanso. Povuta ndi pamene script inkachita zina mobisa isanadzutse pulogalamu, monga kupanga foda, kusintha mwini wa fayilo, kukweza malire a mafayilo otseguka kapena kuwerenga malangizo mu /etc/default. Zimenezi ziyenera kupezedwa powerenga mzere ndi mzere n'kuzisamutsira ku ExecStartPre=, RuntimeDirectory=, LimitNOFILE= kapena EnvironmentFile=. Unit yatsopanoyo iikidwe mu /etc/systemd/system ndi dzina lomwelo la script, chifukwa mayina akafanana systemd imatenga unit n'kuisiya script. Kenako makinawo azimitsidwe n'kuyatsidwanso masana, munthu ali pomwepo, mlatho ukadalipo woti abwererepo ngati waiwala china.